Mbiri ya Liu Lakuti "Boy"

M'zaka za pakati pa 1930 ndi 1960, munthu wocokera ku Fort Jameson, ku Petauke kapena ku Nyasaland akafika ku Kitwe kapena ku Ndola kudzafuna nchito, panali liu limodzi la Cingerezi limene anali kulidziwa msanga asanadziwe ena onse. Liulo ndi lakuti "boy". Wophika m'nyumba ya Mzungu anali "cook boy", wosesa ndi kucapa anali "house boy", wothirira maluwa anali "garden boy", wolonda m'komboni ya mgodi anali "police boy", ndipo kapitao woyang'anira anzace pansi pa mgodi anali "boss boy". Ambiri a anthu amenewa sanali ana iai. Anali amuna a mabanja ao, ena a imvi kumutu, ena osiya adzukulu kumudzi.

Tsono munthu amene anaphunzira kusukulu kuti "boy" ndiye mwana wamwamuna angafunse kuti, Kodi Azungu a ku migodi sanali kuziona imvizo? Kapena kodi anacita kupotoza dala liu la cinenero cao? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 700, tikaone m'mene Angerezi eni ace anali kulichulira liuli kwao. Kumeneko tidzapeza kuti poyamba linali kunena wanchito wonyozeka, ndipo tanthauzo lakuti mwana linadza pambuyo.

England wa masiku amenewo

M'caka ca 1066 William wa ku Normandy, dziko la kumpoto kwa France, anaoloka nyanja ndi nkhondo yace nagonjetsa England. Iye analanda minda ya akulu a Angerezi naigawira anthu ace. Kucokera pamenepo, kwa zaka zoposa 200, cinenero ca kunyumba ya mfumu ndi ca eni minda cinali Cifalansa, ca mpingo ndi ca anthu ophunzira cinali Cilatini, ndipo Cingerezi cinatsalira makamaka anthu wamba, olima ndi oweta nkhosa. Zinenero zitatuzi zinabwerekana mau kwambiri. Cingerezi ca nthawi imeneyo, kuyambira kufupi ndi 1100 kufikira 1500, akatswiri amacicha Cingerezi ca Pakati, pakuti ciri pakati pa ca makedzana ndi ca lero.

Anthu ambiri a m'midzi sanali mfulu kwenikweni. Munthu wotere anali kuchedwa "villein". Anali naco cigawo cace ca munda, koma mlungu uli wonse anayenera kukalima masiku awiri kapena atatu m'munda wa mbuye wace wopanda malipiro. Sanaloledwe kusamuka mbuyeyo asanabvomere, ndipo mwana wace wamkazi akafuna kukwatiwa, atate anayenera kupereka ndalama kwa mbuye yemweyo. Iwo amene anamva kwa makolo ao za thangata wa m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje sadzabvutika kuzindikira moyo wotere.

M'dziko limeneli ndimo m'mene liu lathu linaonekera m'mabuku, kufupi ndi caka ca 1300. Alembi anali kulilemba mosiyanasiyana, wina "boie", wina "boye", wina "boy", popeza kalembedwe ka Cingerezi kanali kasanakhazikike. Tikasanthula malo amene liuli likupezekamo, tiona matanthauzo atatu oyenda pamodzi. Loyamba ndi wanchito wamwamuna wogwira nchito zapansi, monga wotsata asilikali kunkhondo atasenza katundu wao, kapena wosamala akavalo. Laciwiri ndi munthu wobadwa m'banja la anthu wamba, wosawerengedwa pabwalo. Lacitatu ndi citonzo ceniceni, monga ife tinganene kuti munthu wacabecabe kapena tambwali. M'nkhani zina za nthawi imeneyo, ngakhale anthu olembedwa nchito yokwapula ndi kupacika akaidi anali kuchedwa ndi dzina lomweli. Pa zonsezi msinkhu wa munthu sunali kuwerengedwa. Cimene cinali kuwerengedwa ndi malo ace pakati pa anthu.

Nanga mwana wamwamuna anali kumucha ciani? Kawirikawiri anali kungoti "child", ndipo pofuna kusiyanitsa ndi wamkazi anali kuti "knave child". Geoffrey Chaucer, mlembi wamkulu wa nthawi imeneyo, amene anamwalira mu 1400, analemba cotero. Ngakhale liu lakuti "girl" silinali la ana aakazi okha. Linali la mwana ali yense, wamwamuna kapena wamkazi.

Gwero la liuli

Za kumene liuli linacokera, akatswiri ali ndi maganizo awiri. Ena amati ndi mbale wa mau ena a m'zinenero za kutsidya kwa nyanja ya kum'mawa kwa England, monga "Bube" la Cijeremani, amene amanena mnyamata. Koma mu 1940 E. J. Dobson, katswiri wa mbiri ya Cingerezi, analemba kuti linacokera ku liu la Cifalansa cakale lakuti "embuié", ndiko kuti womangidwa. Muzu wa liu limenelo ndi "boia" la Cilatini, cinthu cimene Aroma anali kubveka m'khosi mwa akapolo ndi akaidi. M'Cinyanja cinthu cotere tiri nalo dzina lace: ndi goli.

Anthu a ku Ndola aidziwa bwino nkhani ya goli. Mzindawo usanamangidwe, pamalopo panali kusonkhana amalonda a Ciswahili ogula akapolo m'dziko la Alamba, ndipo mtengo waukulu wa mupapa umene anali kukhala patsinde pace unachuka ndi dzina lakuti Mtengo wa Akapolo. Mseu wa pamenepo anaucha Makoli, ndipo "amakoli" m'Cibemba ndiwo magoli. Ngati Dobson analondola, ndiye kuti liu limene linali kumveka tsiku ndi tsiku m'nyumba za Azungu a ku Ndola linali kunena cinthu cimodzimodzi ndi dzina la mseuwo. Koma ngakhale titsate maganizo ena aja, umboni wa m'mabuku sukusintha: "boy" woyamba kulembedwa m'Cingerezi anali wotumidwa.

Mau ena anakwera, ena anatsika

Kuti timvetse cimene cimakweza kapena kutsitsa liu, tiyeni tione mau ena awiri a m'mtundu womwewo. M'Cingerezi ca makedzana, William asanabwere, mnyamata anali kuchedwa "cnafa" kapena "cniht". Mau onse awiriwa anali kunenanso wotumikira, pakuti m'nyumba za akulu anyamata ndiwo anali kutumidwa.

"Cnafa" anasanduka "knave". Poyamba anali mwana, pambuyo pace wanchito wa m'nyumba, ndipo potsiriza wonyenga ndi wakuba. Liuli linatsika cifukwa eni nyumba ndiwo anali kulemba mabuku, ndipo m'maso mwao wanchito anali munthu wosakhulupirika. Comweco cinacitika ndi "villein" uja. Mlimi wa thangata anasanduka "villain", liu limene lero limanena munthu woipa mtima.

"Cniht" anayenda njira yina. Anyamata ochedwa ndi dzina limeneli anali kutumikira mafumu kunkhondo. Anapatsidwa akavalo, zida ndi minda, nalemera. Pamene anthuwo anakwera, dzina lao linakwera nao pamodzi, ndipo "knight" anakhala munthu waulemu amene pochula dzina lace amayamba ndi "Sir". Ku Germany, kumene anthu a dzina lomwelo anatsala m'makola ndi m'minda, "Knecht" anakhalabe wanchito wa pamunda. Apa tiona kuti liu liribe ulemu wa ilo lokha. Limatenga ulemu kapena manyazi a anthu amene alisenza.

Mliri ndi msonkho

Pakati pa 1348 ndi 1349 mliri waukulu unagwa m'England nupha munthu mmodzi mwa atatu ali onse, kapena kuposa pamenepo. Anchito anacepa, minda inagonera, ndipo otsala anayamba kufuna malipiro okwera. Eni minda anathamangira kwa mfumu, ndipo mu 1351 panakhazikitsidwa lamulo loletsa wanchito kulandira zoposa zimene anali kulandira mliri usanagwe. Pamwamba pa izi Boma linaika msonkho wa pamutu katatu, mu 1377, mu 1379 ndi mu 1380. Wacitatuwo unali sheleni imodzi kwa munthu ali yense wopitirira zaka 15.

Mu June 1381 anthu a m'midzi ya ku Kent ndi ku Essex anauka, motsogozedwa ndi Wat Tyler ndi wansembe John Ball, nalowa mu London. Anapempha kuti ukapolo wa m'minda uthe. Mfumu Richard II inakomana nao niwalonjeza ufulu, koma Tyler ataphedwa ku Smithfield pa 15 June, malonjezo onse anafafanizidwa, ndipo Ball anapacikidwa mwezi wotsatira. Mfumuyo inali mwana wa zaka 14, koma dzina lakuti "boy" silinali lace. Linali loyenera amuna aakulu aja amene anaima pamaso pace ndi zikwakwa zao.

Ngakhale anagonja, msonkho uja unalekeka, ndipo m'zaka 100 zotsatira ukapolo wa m'minda unazilala pang'onopang'ono. M'zaka zomwezo, za m'ma 1400, liu lakuti "boy" linayamba kumveka kawirikawiri ndi tanthauzo lakuti mwana wamwamuna, pamene "knave" anali kusiya malo amenewo. Koma linalowa mocedwa m'mabuku olemekezeka. M'Baibulo la Cingerezi la 1611 limapezeka katatu kokha. Ndiponso ululu wace wakale sunathe. M'sewero la Shakespeare lochedwa Coriolanus, kazembe wa nkhondo apsa mtima koopsa pamene mdani wace amucha "boy" pamaso pa anthu. Angerezi anadziwa kuyambira kale kuti kuitana munthu wamkulu ndi liu limeneli ndiko kumucepsa.

Ulendo wa ku migodi

Pamene Angerezi anayamba kulamulira maiko a kutali, tanthauzo lakale lija linapita nao m'zombo. Ku India ndi ku China wanchito wa m'nyumba anakhala "boy". Ku America ndi ku zisumbu za West Indies kapolo wakuda anakhala "boy" kufikira ukalamba wace. Ku migodi ya Kimberley ndi Johannesburg liuli linakomana ndi "baas" la Cibunu, ndipo panabadwa dzina lija lakuti "boss boy". Zinenero zina zinalilandira: Aswahili anati "boi", Abemba "kaboyi", ife "boyi", ndipo ngakhale Azungu olankhula Cifalansa ku Elisabethville, kumene tsopano ndi Lubumbashi, anali kuitana "boy".

Ku Ndola Boma linamangidwa mu 1904, ndipo njanje inafika m'dera limenelo mu 1909. Migodi yaikulu inatsegulidwa pambuyo: Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pafupi ndi Nkana mu 1936. Ambiri a Azungu amene anadza kudzagwira nchito anacokera ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia. Anabwera ndi miyambo ya kumeneko, ndi cinenero ca pamgodi cochedwa Cilapalapa, ndi maina a nchito aja. Makampani aakulu anali awiri, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust. Mwa atsogoleri ao munali Sir Ernest Oppenheimer ndi Sir Ronald Prain. Cotero pa mgodi umodzi panakomana mau awiri amene kale anali kunena wotumidwa: pamwamba "knight", pansi "boy".

Nafenso tiri naye mnyamata

Wina angati, Nanga colakwa ciri pati, popeza m'Cinyanja comwe liu lakuti mnyamata limanena zinthu ziwiri? Izi nzoona. Timati mnyamata ponena wa msinkhu waung'ono, ndiponso timati mnyamata wa mfumu ponena amene amanyamula mpando ndi kupereka mauthenga. M'Buku Lopatulika, Gehazi achedwa mnyamata wa Elisa. Cilatini ndi Cifalansa nazonso ziri ndi mau otere. Kuli konse ana ndiwo amatumidwa, ndipo dzina la mwana limagwera wotumidwa.

Koma pali kusiyana kwakukulu. Unyamata wa kwa mfumu unali sukulu. Mnyamata anali kumva milandu ali cikhalire pambali, naphunzira mayankhulidwe a pabwalo, ndipo tsiku lina anadzakhala nduna kapena nkhoswe. Ku England nakonso mwana wonyamula cishango ca "knight" anali kuyembekeza kudzakhala "knight" iye mwini. Unyamata wotere uli ndi polekezera. Uboyi wa ku migodi unalibe polekezera. Kapitao wa pansi pa mgodi anali kudziwa thanthwe lofuna kugwa pongoligogoda, ambiri anali naco cilolezo ca kuphulitsa miyala, ndipo kawirikawiri ndiye anali kuonetsa nchito Mzungu wobwera kumene. Koma Mzunguyo anali kulandira malipiro oposa ace kutalitali, ndipo kapitaoyo sakanatha kukwera kufika pa malo ace ngakhale atagwira zaka 20. Azungu a m'migodi anapanga bungwe lao mu 1936, ndipo mu 1941 makampani anabvomera kuti nchito za Azungu zikhale za anthu a m'bungwe limenelo okha.

Apa ndipo pamene matanthauzo awiri aja anagwirizana kupweteka munthu mmodzi. Lakale linati, Ndiwe wotumidwa. Latsopano linati, Ndiwe mwana, sunakhwime nzeru. Ndipo ponena kuti munthu wakuda sanakhwime, anapeza cifukwa comkanizira nchito zapamwamba.

Tikumbukirenso kuti anthu amenewa anacokera m'mitundu yosamala maina. Kwa Acewa munthu akakula ndi kulowa m'mwambo amapatsidwa dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la ubwana ndi cipongwe cofika naco pabwalo. Munthu wamkulu timamchula ndi mfunda wace, a Phiri, a Banda, a Mwale. Mngoni amathokozedwa ndi cibongo cace. Abemba amachula munthu ndi dzina la mwana wace, bashi Mulenga, bana Mulenga. Munthu woleredwa cotero, pofika ku Nkana, anapeza kuti mfunda wace sufunidwa. Anali ndi nambala ya pa tikiti, ndipo kwa mwana wa Mzungu wa zaka 6 anali "boy". Nkosadabwitsa kuti anchito okhaokha sanali kukonda kuchulana cotero. Woyang'anira anali kumucha kapitao, liu locokera ku Cipwitikizi, la muzu umodzi ndi "captain".

Anthu akana kukhala ana

Mu May 1935 Boma linakweza msonkho wa anthu a ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Monga ku England mu 1381, msonkho wa pamutu ndiwo unayatsa moto umene nkhuni zace zinali zitaunjikidwa kale. Anchito ananyanyala ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, ndipo ku Luanshya pa 29 May apolisi anaombera mfuti napha anthu 6. Azungu ambiri anadabwa kuona kuti anthu a mitundu yosiyana angathe kupangana cinthu cimodzi.

Mu March 1940 Azungu a ku Nkana ndi ku Mufulira anacita sitalaka napatsidwa zambiri zimene anafuna. Anthu akuda ataona izi anacitanso yao. Iwo anauza akulu a mgodi kuti ayese: Azungu agwire okha nthawi yao, akuda agwirenso okha nthawi yao, kuti cidziwike amene amatulutsa mkuwa ndani. Awa sanali mau a ana. Pa 3 April asilikali anaombera khamu la anthu ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Cinali caka comwe cija cimene Dobson analemba za goli.

Zitapita izi, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati, Boma linalola kuti akapitao akhale ndi makomiti ao okambirana ndi akulu a mgodi, ochedwa Boss Boys' Committees. M'makomiti amenewa, ndi m'mabungwe a makalaliki, anthu anaphunzira kuyendetsa misonkhano ndi kulemba madandaulo. Mu 1947 Boma la Britain linatumiza William Comrie wa ku Scotland kudzathandiza anchito akuda kupanga mabungwe enieni. Mu 1948 anchito a ku Nkana anapanga lao, mtsogoleri wace ali Lawrence Katilungu, amene anayamba wagwirapo nchito pansi pa mgodi womwewo. Mu 1949 mabungwe a migodi inai anaphatikizana nakhala African Mineworkers' Union. Tiyenera kuona bwino dzina limeneli. Anthu amene anali kulowa m'cipinda ca msonkhano monga "boys" anadzicha okha anchito a m'migodi, ndipo makampani anasaina mapangano ndi iwo m'dzina limenelo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mu 1952 bungweli linaimitsa migodi kwa milungu itatu mwabata, ndipo wogamula mlanduwo, C. W. Guillebaud, anaonjeza malipiro mu 1953. Mu 1955 linacitanso sitalaka ya masiku 58. M'caka comweco Azungu anabvomera kuti mitundu 24 ya nchito zao iperekedwe kwa anthu akuda. Koma njira sinali yosalala. Makampani anabvomereza bungwe lina la makalaliki ndi oyang'anira, Mines African Staff Association, ndipo akapitao ambiri anauzidwa kuti malo ao ndi kumeneko. Munthu amene dzulo anali "boy" lero anakhala "staff", koma anzace anaona kuti dzina lokomalo ladza kudzawagawanitsa. Mkangano umenewu unabala masitalaka otsatanatsatana mu 1956, kufikira Boma linagwira atsogoleri ambiri a bungwe mu September. Dzina latsopano lopatsidwa ndi bwana silinathetse mlandu, cifukwa mlandu weniweni unali wa malipiro, wa nchito, ndi wa amene ali ndi mphamvu.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Mu 1966 bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Roland Brown linagamula kuti malipiro a anchito a m'migodi akwere ndi 22 pa 100 ali onse. M'zaka zotsatira ana a dziko lino anayamba kukhala pa maudindo a "shift boss" ndi "mine captain", amene kale anali a Azungu okha, ndipo dzina lakuti "boss boy" linacoka m'mabuku a migodi. Linacoka pamene khomo lokwerera linatseguka. Kutsidya la nyanja nkhondo yomweyo inali kumenyedwa: mu 1968 anthu akuda ocotsa zinyalala mumzinda wa Memphis ku America anayenda m'miseu atanyamula zikwangwani zonena kuti iwo ndi amuna aakulu.

Cotsalira kwa ife

Mbiri ya liu limodzi ili yationetsa zinthu zitatu. Coyamba, Azungu a ku migodi sanapeke tanthauzo latsopano. Anaukitsa lakale limene makolo ao anali kunyozera nalo amphawi a mtundu wao womwe. Caciwiri, Angerezi nawonso anadziwa thangata, msonkho wa pamutu ndi lamulo lotsekereza malipiro, ndipo anatulukamo mwa kulimbana kwa zaka zambiri. Cacitatu, liu limatsata munthu. "Knight" anakwera cifukwa eni dzinalo anakwera, ndipo "boss boy" anafa cifukwa eni dzinalo anakana kukhala pamene anaikidwa.

Koma liuli silinathe konse. Nyumba za ku Parklands ndi ku Riverside mu Kitwe, za ku Kansenshi ndi ku Northrise mu Ndola, zimene kale zinali za Azungu, tsopano mukhala ana a dziko lino, ndipo m'nyumba zina munthu wosesa pabwalo achedwabe "garden boy" kapena kaboyi, ngakhale ali wa msinkhu wa atate a mwini nyumba. Inu amene mwatsiriza sukulu, ena a inu mudzakhala akapitao, ena mudzalemba anthu nchito panyumba panu. Munthu akadzafika pakhomo kudzapempha nchito, musanakambe za malipiro yambani mwamfunsa mfunda wace ndi kwao, ndipo ana anu amve inu mukumuitana ndi dzina limenelo.